Mayi Joaquina, Amene Anayimbira Mtsogoleri Kawiri

Malemu amene atisonkhanitsa pano, mayi Joaquina Lourenco, anabadwa pa 14 Malichi 1971 m'mudzi wina kuseri kwa Mandimba, m'dziko la Mozambiki. Anali woyamba mwa ana anayi a bambo Lourenco ndi mayi Lusiya. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo Eduardo, chitsirizira m'banjamo, ndipo mwa anayi aja ndatsala ndekha. A bambo mfumu, a shehe, mafumu athu ndi inu nonse anamalira, banja landituma kuti ndinene moyo wawo monga unalili, osabisa zowawa. Mawu akandithera panjira mundipirire.

Sukulu anayamba mu 1979, ya Chipwitikizi, koma sanapite nayo patali chifukwa aphunzitsi anathawa nkhondo. Mu Okutobala 1986 nkhondoyo inafika pamudzi pathu. Bambo athu anagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali ndipo sanabwerenso. Manda awo sitikuwadziwa mpaka lero. Malemu, akadali mtsikana, anandibereka kumbuyo n'kudutsa nane m'tchire mpaka tinatulukira ku Chiponde. Tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo n'kumeneko kumene analowa kwaya ya tchalitchi. Mawu awo anali aakulu modabwitsa. Akayambitsa nyimbo, ngakhale amene anali pamzere wolandira ufa ankatembenuka.

Mu 1993 anakwatiwa ndi alamu anga, Che Jaffalie Atumani, msodzi wa kuno ku Nkopola, amene ankabwera kumsasa kudzagulitsa usipa wouma. Achibale a mbali zonse anang'ung'udza, poti mkazi anali Mkatolika, mwamuna Msilamu. Awiriwa anagwirizana okha kuti Lachisanu ndi la bambo, Lamulungu ndi la mayi, ndipo pa nkhani imeneyi sanakanganepo. Anzathu atayamba kubwerera kwawo mu 1994, amayi athu anabwerera ndi ana awiri. Malemu anatsala pabanja lawo, nanditenga ine kuti ndiphunzire sukulu kuno. Mulungu anawapatsa ana atatu: Latif mu 1995, Hidaya mu 1998, ndi Allan mu 2003.

Kuyambira mu 1997 ankachapa zofunda pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno. Mu 2004 anasiya n'kuyamba geni ya nsomba. Ankapikula usipa ndi utaka padoko, kuyanika pathandala, n'kukwera nazo lole kupita ku Limbe. Ambiri mukuwakumbukira ali ndi dengu pamutu, akutsutsana mtengo mu Chiyao chomwe anachiphunzirira pabanja.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkawadya mumtima. Ngakhale anabereka ana kuno, kuika maliro kuno, ndi kusonkha nawo njerwa za sukulu, dzina lawo linakhalabe "mayi wa ku Mozambiki." Akangosemphana ndi wina pa malo oyanikira nsomba, ankauzidwa kuti nkhondo kwawo inatha kale, abwerere. Sankayankha pagulu. Ankakalirira kunyumba.

Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chimene chinawalowetsa m'ndale. Chaka chomwe mtsogoleri uja ankafuna mpando koyamba, amene dzina lake sinditchula pabwalo la maliro, mnansi wawo Abiti Swadick anawamva akuyimba pa siwa. Abiti Swadick ndiwo ankatsogolera amayi a chipanicho kuno. Anawabweretsera chitenje chokhala ndi nkhope ya munthuyo, nawapempha kuti azikawayambitsira nyimbo. Malemu anavomera, ndipo posakhalitsa anapeka yawoyawo, ija yoti "Mvula yafika, tulutsani mbewu, mwana wa mphawi adzadya." Inayimbidwa kuyambira ku boma mpaka ku Nkhudzi ndi ku Monkey Bay, kenako tinayamba kuimva ndi pawailesi. Anandiuza tsiku lina kuti akavala chitenje chija palibe amene ankawafunsa kwawo. Ankakhulupirira munthuyo ndi mtima wonse. Pa zaka zonse zimene anamuvinira padzuwa, chimene anapindula ndi zitenje basi.

Chigawo chachiwiri cha ulamuliro wake nonse mukuchidziwa, poti munali momwemo. Mafuta anasowa. Maboti a injini anagona pamchenga, Che Jaffalie n'kumaswera pamzere wa petulo ndi zigubu zopanda kanthu. Shuga tinamuiwala, ndipo kuchipatala ankatilembera mankhwala oti tikagule tokha. Anthu akamatukwana mtsogoleriyo padoko, malemu ankamuikira kumbuyo. Ankati mwini wake ndi wabwino, koma omuzungulira ndiwo akumunamiza, ndipo tsiku lomwe adzamve zoona adzakonza zinthu.

Pa 3 Febuluwale, m'chaka chomaliza cha ulamulirowo, mwana wawo Hidaya anayamba kumva matenda a uchembere. Mwamuna wake anali ku Joni kukafuna ntchito. Malemu anamuperekeza ku chipatala chaching'ono, kumene anabereka mwana wamkazi chakum'mawa. Magazi sanaleke. Anamwino anachita zimene akanatha, kenako anati afulumire naye ku chipatala chachikulu ku boma. Ambulansi inalipo, itaima pansi pa mtengo, koma inalibe mafuta. Latif anathamanga ndi chigubu khomo ndi khomo, kwa asodzi, kwa a minibasi, kwa ogulitsa mobisa, osapeza ngakhale oyatsira nyali. Dzuwa litapendeka anapeza lole yonyamula nkhuni. Hidaya anamugoneka pamwamba pa nkhunizo, mutu uli pamiyendo pa mayi ake, atamufunditsa chitenje cha chipani poti ndicho chinali pafupi. Anatsirizika panjira, nyumba za ku boma zikuonekera.

Kuchokera tsiku limenelo malemu analeka kuyimba, ngakhale m'tchalitchi. Khanda lija analitcha Naima, nayamba kulilera ndi mkaka wogula.

M'mwezi wa Meyi kunamveka kuti mtsogoleriyo, poti nthawi yake yatha, akuyendera zigawo kutsanzika, ndipo adzadutsa msewu uno popita ku Monkey Bay. Achinyamata ndi asodzi anagwirizana zokamudikira pamsewu ndi zigubu zopanda kanthu, kuti asachoke akuganiza kuti tikumuthokoza. Abiti Swadick nawo anabwera kunyumba kudzapempha malemu kuti akayambitse nyimbo yawo ija komaliza. Ine ndinalipo. Malemu, akugwedeza mwana, anati, "Ndibwera, anzanga. Koma ndikayimba zomwe ndaona."

Alamu anga anawaletsa. Inenso ndinawaletsa, ndinawakumbutsa kuti ife tinathawapo kale zipolopolo, ndipo munthuyo akuchoka yekha, palibe chifukwa chomukankhira. Anandiyankha kuti iwo ndiwo anauza amayi a m'dera lino kuti munthuyu ndi mvula, choncho ndi iwo omwe ayenera kukabweza mawuwo iye akumva, asanatsike pampando.

Lachinayi, pa 19 Meyi, anavala chitenje chomwe anafunditsa Hidaya. Anali atachichapa kangapo koma banga silinachoke. Anadutsa pamene amayi anzawo anandanda mu yunifolomu, osaima, n'kukalowa m'gulu la a zigubu. Poyamba achinyamata anawakuwiza ataona chitenjecho. Iwo anangokweza mawu, pa chuni chomwe chija, koma mawu ake ali ena: "Mvula ija inali matalala, mbewu zagona, mwana ndakwirira." Kenako msewu wonse unapolokozera. Amene munalipo mukudziwa kuti ngakhale ena mwa amayi a yunifolomu ankapukuta misozi.

Galimoto zitayandikira, anyamata odzipaka utoto wa chipani anayamba kugenda, a kuno nawo anabwezera, utsi wokhetsa misozi unadzaza ponseponse. Mwala unawapeza malemu pamwamba pa khutu la kumanzere. Dzanja limene linauponya sitikulidziwa, ndipo banja silikuloza munthu. Mdipiti wa galimoto unadutsa mothamanga, magalasi ali otseka. Ngati mwini wake anamva liwu ngakhale limodzi la nyimboyo, ife sitidziwa. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti anthu a m'mbali mwa nyanja amulandira mwansangala.

Anakhala m'chipatala mpaka mu Julayi. Anatuluka dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafooka, lilime likulemera. Akanali chigonere, anthu ena anabwera kudzalemba pakhoma la nyumba ndi makala kuti mlendo asalowerere za eni dziko. Che Jaffalie anafufuta ndi madzi, m'mawa mwake n'kupezanso alemba. Mbali inayo, chithunzi chawo ali magazi okhaokha chinayenda m'mafoni dziko lonse. Otsogolera zionetsero anabwera pa galimoto, anajambulitsa nawo, anawatcha ngwazi, nalonjeza njinga ya olumala ndi dokotala wa mafupa. Chipani chija chitagwa pachisankho, kuno kunali chikondwerero. Malemu tinawatulutsa pakhonde kuti aone anthu akuvina, ndipo tsiku limenelo anamwetulira.

Kumwetulirako sikunakhalitse. Otsogolera aja anapatsidwa maudindo ku likulu ndipo manambala awo anasiya kupezeka. Njinga ija anaikhoma Allan ndi matayala a njinga yakapalasa. Sipanapite zaka ziwiri, mizere ya mafuta inabwerera, mitengo ya zinthu inakwera kuposa kale, ndipo padoko pomwe paja tinayamba kumva anthu akuti bola uja. Pawailesi anthu ophunzira ankatsutsana za mmene mbiri idzamuweruzire. Ena ankawerenga misewu ndi milatho imene anamanga, ena ankati anali ndi mtima wabwino koma nyengo ndiyo inamulaka. Malemu ankamvetsera mapulogalamu amenewa osaphonya, atatsamira khoma. Ndikuganiza kuti ankadikira kuti wina atchule amayi amene anafera m'malole ndi m'ngolo chaka chija. Palibe anawatchula.

Chowawa koposa chinachitika chaka chatha. Otsatira a mtsogoleri uja anayambanso misonkhano yokumbukira ulamuliro wake, ndipo malole odzaza amayi ankadutsa pamsewu apa akuyimba "Mvula yafika." Ambiri mwa oyimbawo ndi ana, sadziwa n'komwe kuti anaipeka ndani. Ina ija, ya matalala, inayimbidwa tsiku limodzi lokha ndipo inathera pamsewu pomwepo. Lole ina itadutsa, malemu anandikodola kuti ndiyandikire, poti mawu awo anali atachepa. Anati, "Achimwene, yabodza ija ndiyo yakhala moyo." Atatero anapempha kuti tiwalowetse m'nyumba, ndipo pakhonde sanafunenso kukhalapo.

Ndinene pano kuti Abiti Swadick, ngakhale sanasiye chipani chawo, sanasiyenso mnzawo. Zaka zonsezi ankabwera kudzawasambitsa ndi kuwatembenuza. Za ndale sankakambirana. Ankangokhala awiriwiri, wina akusenda chinangwa, wina akuyang'ana kudenga.

Kuyambira mu Juni chaka chino malemu anayamba kudandaula mutu, magazi akuthamanga kwambiri. Chakudya anachepetsa. Loweruka lapitali anakomoka akumupesa Naima tsitsi ndi dzanja lawo lamoyo lija. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo ulendo uno galimoto inapezeka, koma madokotala anati mtsempha wa m'mutu waphulika pafupi ndi bala lakale. A bambo mfumu anawadzoza mafuta Lolemba. Anatisiya Lachiwiri, pa 12 Ogasiti, dzuwa likutuluka, asanafike zaka makumi asanu ndi limodzi.

Asiya amuna awo Che Jaffalie Atumani, ana awiri, Latif ndi Allan, zidzukulu zinayi, ndi ine mlongo wawo. Achibale a ku Mandimba anapempha kuti thupi lipite kwawo, koma malemu ananeneratu kuti adzagone pafupi ndi Hidaya, ndipo tichita monga ananenera.

Banja likuthokoza amayi a mphakati amene agona pano kuyambira Lachiwiri, abale a kumzikiti amene akumba manda limodzi ndi adzukulu, asodzi amene asiya maukonde lero, anamwino amene anawasamalira, ndi Abiti Swadick. Kwa a zipani amene mwabwera, a mtundu uliwonse wa nsalu, tikuthokoza chipepeso chanu, koma banja lapempha kuti pasakhale wolankhula za ndale pano kapena kumanda.

Anamalira anzanga, ine sindine wophunzira kwambiri, ndipo za mmene mbiri imaweruzira atsogoleri ndimangomva pawailesi. Chimene ndikudziwa n'chakuti Naima, uyo wakhala pamiyendo pa agogo ake aamuna, wayamba sukulu. Akadzafika m'makalasi a patsogolo adzamuphunzitsa mayina a atsogoleri a dziko lino, chaka chimene aliyense analowa ndi chimene anatuluka, ndi zimene anamanga. Adzaloweza dzina la munthu uja kuti akhoze mayeso, ndipo akadzalilemba bwino adzamuchonga. Dzina la mayi ake ndi la agogo ake palibe adzamufunse. Otsala kuti timuuze ndife, ndipo ifenso tikutha mmodzimmodzi.

Achemwali, munandibereka kumbuyo pondichotsa kunkhondo, lero ine ndikukuperekezani ndi pepala lokha m'manja. Pitani mukapume. Mzimu wa mayi Joaquina Lourenco uuse mumtendere.