Kanjedza wa mphakati m'khola la mbuzi

Mwina mwamva kale, poti kuno ku Nselema ngakhale pamjigo sakukamba zina: akuti mpando wa a Lyford, apampando a mphakati wathu aja, ukugwedera. Nkhani yake ndi kanjedza! Paja ife Akatolika kanjedza wodalitsidwa pa Lamulungu la Kanjedza sititaya, timasunga mpaka chaka chinacho n'kumuwotcha kuti tipeze phulusa lotipaka pamphumi Lachitatu la Phulusa. Ndiye akatekisiti analengeza kuti wapampando amene sabweretsa mtolo wa mphakati wake Lachiwiri atule pansi udindo. A Lyford wawo anasungitsa kwa alamu awo, a Elube, ndipo Lachiwirilo anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, nditengereni mtolo uja msanga, akundidikira kutchalitchi."

"Uli m'khola," anatero a Elube, akusadzula nkhwani.

"Mwaupachika kudenga?"

"Iyayi, pansi. Ndinayalira mbuzi."

Njinga ija phii! A Lyford sanaiyang'ane n'komwe.

"Mwati chiyani?"

"Si inu nomwe munatiwerengera ku mphakati kuti anthu anayala nthambi pansi bulu n'kupondapo? Nanga bulu kuno ndimupeza kuti? Ndinaona kuti mbuzi ndiye yoyandikirako."

"Sankayalira bulu, mayi inu! Ankayalira Ambuye amene anakwera pabuluyo!"

"Koma anaponda ndani?"

 A Lyford anakoka mpweya, nayamba ndi mawu awo a ku mphakati aja, okhala ngati akulankhulira m'ndowa.

"Alamu, kanjedza ndi chizindikiro cha chipambano."

"Eya, ndaona. Yaikazi ija yabereka mapasa."

"Osati chipambano cha mbuzi! Malemba amafanizira munthu wolungama ndi mtengo umenewu. Woima njo, wosafota, wobala zipatso zotsekemera. Ndiwo umabala tende, zipatso zija anzathu achisilamu amagula ku Ntaja nthawi yosala."

"Aaa, ndiye ndi wina ameneyo. Wathu wa kudamboyu tizipatso take amalimbirana ndi anyani. Wolungama wake ndi uti pamenepo?"

"Musandichedwetse!"

Anathamangira kukhola, nsapato zawo zatchalitchi zili tchwa tchwa m'matope. Zomwe anapeza, abale! Timitengo tiwiri totafunidwa, basi. Tonde anangowayang'ana, akubzikula. A Lyford anaona m'maganizo mpando uja atakhalapo a Hamadi, mdani wawo wa mu kwaya, amene anabatizidwa dzana lomweli.

"Zadya! Alamu, mbuzi zanu zadya zodalitsidwa!"

"Ndiye sanatayike. Ali m'mimbamo. Tengani tondeyo akamuwotche."

"Ndikawotche mbuzi patchalitchi? Anthu akapakidwe kanyenya pamphumi?"

"Kapena tolani zapansizo, nazonso ndi kanjedza yemweyo. Ndikupatseni lichero?"

"Elube!"

"Wawa."

A Lyford anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi, mawu atatsika ngati a munthu wofunsa njira ya kwa sing'anga.

"Tamverani. Mundipalireko phulusa la pamafuwa panu, musefe bwinobwino. Ndikanena kuti ndawotcheratu ndekha kuti ndiwapeputse ntchito."

"Koma si la kanjedza limenelo. Ndi la chinangwa ndi zitsononkho."

"Phulusa ndi phulusa! Ndani akanunkhize?"

"Nanga wolungama woima njo uja?"

"Ngakhale kanjedza kukaomba mphepo amawerama!"

"Zalembedwanso zimenezo?"

"Zidzalembedwa! Inu mungotseka pakamwa. Akatekisiti akamva, ine ndatha. Munthu uja sasekerera zopepera, zopatulika amazigwira ndi manja awiri."

A Elube anaika nkhwani pambali, napukuta manja pachitenje, nkhope ili ndii, yachisoni zedi.

"Pepani alamu, mwachedwa. Pamafuwa ndasesa mbee."

"Mwakataya kudzala?"

"Iyayi. Anadzatenga akatekisiti m'mawa uno. Kanjedza wawo akuti anadyedwa ndi chiswe."

A Lyford anakhala pansi, pamatope pomwepo, tonde akuwanunkhiza kolala.

Nanga inu, mawa akamati tiyeni kutsogolo tikapakidwe, mudzapereka mphumi kapena mudzayamba mwanunkhiza chala cha akatekisiti?