Sefa ya Wonder

Ponyamuka ulendo wa ku Mangalande, Wonder analonjeza bambo ake, a Simao, kuti akadzamwalira adzawatengera kwawo ku Tete. Atabwerako patapita zaka zambirimbiri, anaima pa siteji ya Selous kudikira kombi yopita ku pulazi kumene bambo akewo ankagwira ntchito, akuonetsa foni kwa mayi wina wovala yunifomu ya mpingo.

"Onani, amayi, imelo ya akuba imadziwika ndi moni. Ikangoyamba kuti 'Wokondedwa mwa Ambuye', sefa yanga imaiponya kudzala ine osaiona n'komwe. Mwezi ukatha yafufutika yokha."

"Kodi kwanuko otchula Ambuye ndi akuba?"

"Onse. Uyu akuti ndi mkazi wamasiye wa nduna, uyo akuti kwagwa maliro. Kale kalata inkabwera pa thirakitala ya pulazi, woilemba n'kumudziwa ndi dzanja."

"Mlembi wa mpingo wathu moni wake ndi womwewo. Nanga mukupita kwa yani, bambo?"

"Kwa bambo anga, a Simao a ku zigafa za fodya."

Mayiyo anakonza duku lake.

"Ndinu aja a ku Mangalande? Nambala yanu sinkagwira, ndiye mlembi anakulemberani mpaka kutopa. Bambo anuwo tinawaika m'manda kuseri kwa komboni mvula isanayambe."