Achimwene Anabwera Kudzaonera

Zaka zija za Chitaganya, ine ndili ndi ana awiri kwathu ku Nsaru, achimwene anga a Filipo anabwerako ku Lusaka komwe ankathandiza azungu ofufuza za chikhalidwe cha anthu, ndipo anabwera ndi mnzawo wa kuntchito, wamagalasi wa ku Blantyre, kudzafufuza za kwathu. Tsitsa kaye foni yakoyo mdzukulu wanga, ndizikuona nkhope.

Awiriwo ankakangana tsiku lililonse. Wamagalasi ankati anthu umawadziwa powafunsa mafunso omwewo khomo ndi khomo mpaka ku Kabudula, koma achimwene ankati ayi, umangokhala nawo phee n'kumaona, osalowererapo. Ife tinkangoti onsewa ndi akazitape, akufuna minda yathu. Munthu wobadwira pompo n'kumafunsa kuti maliro timaika bwanji, eti? Akatulukira pamtondo, azimayi tinkasintha nkhani.

Ndiye amuna anga anati atopa ndi chikamwini, anditenga ndi ana omwe kupita kwawo ku Kasiya. Lero mumangokwera minibasi kutsata mwamuna, koma kale wololeza kapena kukana chitengwa anali mwini mbumba, ndipo malume atamwalira udindowo unagwera achimwenewo. Ine sindinkafuna ngakhale pang'ono kusiya munda wa mtedza umene amayi anandisiyira.

Tsiku lokambirana, akuchimuna analankhula mpaka kutha mawu, achimwene ali chete pambali, akungoyang'ana uku ndi uku ngati mlendo paukwati. Ndinapsa mtima.

"Achimwene, kodi mwabwera kudzaonera?"

"Ndikalankhula ndisokoneza zimene ndikufufuza, mlongo wanga."

Wamagalasi uja, amene ndinkamuda kwambiri, anawakoka malaya. "Filipo, khomo lililonse limene ndafunsa pano latchula iwe kuti ndiwe mwini mbumba. Amene ukudikira kuti alankhuleyo ndiwe wemwe."

Koma achimwene anangoweramitsa mutu, ndipo akuchimuna anaomba m'manja kuthokoza, poti mwini mbumba sanakane. Patangotha sabata ndinasenza mtolo, ana kumbuyo, ndikulira njira yonse. Mvula isanagwe achimwene ndi mnzawo uja anabwerera ku Lusaka, akukanganabe. Munda uja sindinaugwirenso ndi khasu, ndipo ndi chifukwa chake wandipeza kuno ku Kasiya.

Tsono iwe akutuma kusukulu kudzafufuza za kwanu, chabwino, funsa, ndikuuza. Koma zikavuta pakhomo pano, uziika foniyo pansi n'kulankhula, poti ndiwe wathu. Nanga lero wabwera kudzandiona, kapena kudzaonera?