Amba wa pa Maloboti

Pa siteji ya basi, moyang'anizana ndi maloboti, mayi wina ankabwereza kabuku ka malamulo apamsewu. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi anasuzumiramo.

"Mayeso a laisensi, mayi?"

"Lero, kachitatu. Imandigwetsa ndi nyali yachikasu ija, amati amba. Ikangoyaka, ine ndimaponda moto."

"Kaya! Amba ndiye kuti konzekani kuima. Anakuphunzitsani ndani zimenezo?"

"Amuna anga. Amati ikayaka uthamange, yofiira isakupeze."

"Amayendetsa chiyani bambowo?"

"Minibasi."

"Hoo, pepani. Ine ndayendetsa lole zaka makumi atatu, ndimvereni. Lero lokha muiwale kuti muli pabanja."

Mayiyo anaseka, natseka kabuku kaja.

"Mpaka masana basi, bambo. Amuna anga akubwera kudzanditenga."