Uthenga wa malemu a Kachala

Zaka zija ndinkaphika tiyi pakampani ina yonyamula katundu kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, inu musanamere mano, makompyuta sanali ngati mafoni anu ongosisita ndi chalawa ayi. Kunali a Kachala, katswiri wa makompyuta, ndipo analemba pulogalamu m'chinenero chomwe ankati Perl, yoti tsiku lililonse izikopera mayina a makasitomala ndi katundu wawo n'kusunga pena, kenako izitumiza uthenga kwa abwana kuti zonse zasungidwa bwino. Koma anailemba mokhotakhota ngati moyo wawo womwe, paja anali ndi mkazi ku Chileka, wina ku Lirangwe, ndipo awiriwo anadziwirana pamaliro. Musaseke, ine ndinalipo, maduku anauluka.

A Kachala atamwalira, ntchito yawo anailowa Asiyatu, wakwathu ku Lirangwe, mayi wa ana awiri wopanda mwamuna. Atatsegula pulogalamu ija anapeza mizere yambirimbiri yosadziwika mutu ndi mchira, ndipo anapempha abwana kuti aidule ikhale yaifupi ndi yomveka, ayesenso ngati zosungidwazo zimatsegukadi. Koma uthenga uja unkabwerabe m'mawa uliwonse, dzina la malemu lili pansi pake, ndipo abwana, amene ankayimba nawo kwaya imodzi, ankauwerenga ngati moni wa mnzawo.

"Mayi, za malemu sitiphwasula misozi isanaume," anatero abwanawo. "Ikugwira ntchito, isiyeni."

Asiyatu anangoti chabwino bwana, poti masiku amenewo wamng'ono sankabweza mawu, osati inu a lero oyankha munthu asanamalize.

Mvula yoyamba itagwa, mphezi inaotcha kompyuta yaikulu, ndipo atathamangira kosungira kuja anapeza mafayilo alipo mayina okha, m'kati mulibe kanthu. Kani chosungiracho chinadzaza kalekale, koma pulogalamuyo inkangoona kuti dzina la fayilo lilipo, basi n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, m'kati muli nyerere.

Wakufa sazengedwa mlandu, ndiye amene anachotsedwa ntchito anali Asiyatu. Tsikulo tiyi wake anazizirira patebulo. Pano amagulitsa tomato pamsika wa Lirangwe, ndipo tikakumana timangokamba za mvula.

Ndiye inu mukadzalowa ntchito ya wina, mwini wakeyo mulemekezeni ndithu, koma tsegulani muone m'kati, ndipo akakukanizani lero, mawa mukapemphenso.