Chithunzi Chimene Sichinkaoneka pa Foni

Malemu achimwene anga, amene tabwera kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 14 Ogasiti 1967, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaimirira panoyu ndine mng'ono wawo wopondana nawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo, ndipo mukamva mawu anga akunjenjemera, mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1974. Anali mwana wosasiyana ndi rula. Mzere wa m'mbali mwa kope ukangopendekeka pang'ono, ankang'amba tsamba lonse n'kuyambiranso, moti mayi athu ankadandaula kuti makope akutha ngati akudyedwa ndi mbewa. Anzawo anawapatsa dzina loti a Ndendende, ndipo dzinali linawakanirira moyo wawo wonse. Ndikudziwa kuti ena mwa inu dzina lawo lenileni mwalimva koyamba lero, m'kamwa mwa abusa.

Atamaliza sekondale mu 1986, analowa ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku, kumene ankayala zilembo ndi zithunzi pa tsamba. Kumeneko pepala lili ndi malire ake, ndipo chimene wayeza ndi chimene chimatuluka. Mu 1991 anakwatira alamu athu akhala apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi mu 1993 ndi wamwamuna mu 1998.

Mu 2005 anasiya ntchito yolembedwa n'kutsegula kaofesi kawokawo kokonza masamba a pa intaneti. Chinali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya utoto, masitepe ake opapatiza, zenera atalimata nyuzipepala kuti dzuwa lisamawale pa sikirini. Chilichonse pa tsamba ankachiyeza m'mapikiselo, timadontho tija timene timapanga chithunzi pa sikirini. Akati bokosi ili ndi la mapikiselo akutiakuti, linkakhala lomwelo basi, kaya wolitsegulayo ali ndi sikirini yaikulu kapena yaing'ono. Masiku amenewo aliyense ankaona masamba pa kompyuta, choncho zinkayenda bwino, ndipo ntchito yawo inali yaudongo.

Mwana wawo wamkazi uja anaphunzira ntchito yomweyi ku koleji, ndipo mu 2016 anabwera kudzakhala pa desiki yoyandikana ndi ya bambo ake. Achimwene ankauza nkhaniyi aliyense wokumana naye, ngakhale amene sanafunse. Koma awiriwa anasiyana maganizo pa nkhani ya miyeso. Mwanayu ankati anthu tsopano akutsegula masamba pa mafoni, ndiye bokosi lisamayezedwe ndi madontho koma ndi peresenti. Ankati lizitenga theka la sikirini kapena sikirini yonse, malinga ndi kukula kwa chimene munthu wagwira m'manja, ndipo malo akachepa, bokosi lachiwiri lizitsikira pansi pa loyamba. Achimwene ankayankha kuti muyeso wosinthasintha si muyeso, ndi mphekesera. Foni yawo inali ya mabatani, ndipo ankainyadira. Sindikubisirani, abale anga: munthuyu anali wamtima wabwino koma wamakani, ndipo mwana anatengera makani onsewo osasiyako ngakhale pang'ono.

Mu Novembala 2019 anayambana pamaso pa kasitomala. Panatuluka mawu amene sindingawabwereze pa maliro. Mwana ananyamula chikwama chake n'kukapeza ntchito kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene chikutiwawa kwambiri lero. Pa tsamba la kampani yawo panali chithunzi cha bambo, cha mwana chili pansi pake. Mwana atachoka, achimwene analikonzanso tsambalo. Chithunzi cha mwana anachikuza n'kuchikweza pambali pa chawo, kudzanja lamanja, kuti akadzachiona adziwe kuti malo ake alipobe. Pa sikirini yawo yaikulu ija zithunzi ziwirizo zinkaoneka bwinobwino. Koma anaziyeza m'mapikiselo. Mwana atatsegula tsambalo pa foni yake, chimene chinakwana ndi chithunzi cha bambo chokha. Chake chinatsalira kunja kwa sikirini. Iye amene ankalidziwa vuto limeneli kuposa tonsefe, mtima utamuwawa sanaliganizire n'komwe. Anangoti bambo ake amufufuta, ndipo tsambalo sanalitsegulenso. Bambo nawo ankati mwana waona koma wangoumitsa mtima. Zinadutsa zaka zinayi akungopatsana moni kudzera mwa mayi. Ife tinayesa kuwayanjanitsa, koma za chithunzi panalibe amene anatiuza.

Mu Malichi chaka chino achimwene anayamba kutupa miyendo, ndipo madokotala anapeza kuti impso zawo zasiya kugwira bwino ntchito. Mwana ankafunsa za iwo tsiku ndi tsiku, koma kubwera ankaopa, poganiza kuti sakufunidwa. Achimwene anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni. Tsiku lina masana anapempha alamu kuti awatsegulire tsamba lija pa foni ya alamuwo, kuti aoneko nkhope ya mwana wawo. Alamu, amene za masambazi sankazitsatira, anatsegula n'kuwapatsa. Panaoneka chithunzi cha achimwene chokha. Achimwene anakankha ndi chala uku ndi uku, osapeza kanthu. Ine ndinali pomwepo. Ndakula nawo anthu amenewa, ndipo ngakhale pa maliro a mayi athu sindinawaone akugwetsa msozi, koma tsiku limenelo analira mpaka anesi anabwera kudzatseka makatani.

Atatonthola anandituma kukatenga laputopu ku ofesi. Nditabwera nayo, anafufuta nambala zawo zija imodziimodzi n'kulembapo miyeso imene mwana ankawauza. Sanaiwale ngakhale umodzi, ndipo ndi pamene tinadziwa kuti zaka zonse ankatsutsa zija ankamvetsera. Ntchito yanga inali kuwagwirira foni pafupi ndi nkhope. Zinawatengera masana onse, akupumira m'njira. Kenako chithunzi cha mwana chinatulukira pansi pa chawo.

Alamu anaimbira mwana n'kumuuza kuti atsegule tsambalo. Anatsegula. Pa foni bambo ndi mwana anangotha kulankhulana mawu ochepa, poti mpweya unali utayamba kuwathera achimwene, ndipo anagwirizana kuti zotsalazo akambirana maso ndi maso. Mwana anakwera basi m'mawa mwake. Achimwene atauzidwa kuti ali m'njira, anapempha kuti tiwamete ndevu ndi kuwaveka malaya abwino. Anatisiya tsiku lomwelo, pa 11 Juni, basi isanafike.

Malemu asiya alamu athu, ana awiri, mdzukulu mmodzi, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza madokotala ndi anesi amene anawasamalira, oyandikana nawo nyumba amene sanatisiye tokha, eni sitolo ya utoto amene atseka sitolo yawo lero kuti akhale nafe, makasitomala awo, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Kwa iwe mwana wathu, banja landituma kuti ndinene izi pamaso pa anthu onsewa: bambo ako sanakufufute ngakhale tsiku limodzi. Tsamba lija likadalipo, ndipo pa foni iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, mukuoneka awiri.

Achimwene, a Ndendende athu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.