Maukwati Atatu, Bandi Imodzi

Olemekezeka apampando a bodi ya sukulu ino, amene mwandinong'oneza pakhomo paja kuti ndisapyole mphindi khumi, olemekezeka mayi mkulu wa sukulu, amene ndikambe za inu bwinobwino kumapeto, olemekezeka eni masitudiyo, eni maholo ndi oulutsa mawu pa wayilesi, inu amene oyimba amakusekererani pamaso n'kukutafunani mukatembenuka, aphunzitsi, atolankhani amene mwabwera ndi makamera komanso njala, makolo amene mwabwera kudzaona ngati n'zoona kuti gitala ili ndi kalasi, ndi inu ophunzira athu, makamaka amene mwavala magalasi akuda m'holo mopanda dzuwa: ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza pondiitana. Kalata itafika ndinaiwerenga kawiri. Inati sukulu ino iphunzitsa oyimba kuyendetsa luso lawo ngati ntchito: kusunga nthawi, kulemba mapangano, kuteteza nyimbo zawo, ndi kuyankha foni ngati anthu. Ndinadabwa kuti pa anthu onse asankhiranji ine. Nditaona amene anasaina m'munsimo, ndinamvetsa. Sindinaitanidwe ngati chitsanzo chabwino. Ndaitanidwa ngati galimoto yophwanyika ija amaiika m'mbali mwa msewu kuti madalaivala achepetse liwiro.

Zaka makumi atatu zapitazo, ndisanayambe kumanga tayi ndi kugonetsa ana a eni m'kalasi ku yunivesite, ndinkayimba besi, gitala ya zingwe zinayi zonenepa ija. M'bandi mwathu tinalimo anayi: ine, wang'oma, wagitala, ndi woyimba pakamwa amene tinkamutcha Nyenyezi. Tinkayeserera m'garaja, pakati pa matayala akutha ndi firiji yakufa imene tinkaikapo sipika yathu imodzi. Luso tinali nalo, musandiyang'ane choncho. Chimene tinalibe ndi manijala, chifukwa tonse tinali mamanijala. Lamulo lathu linali lakuti aliyense akakumana ndi munthu wofuna oyimba, avomere pomwepo ndipo tsikulo alisunge m'mutu. Kulemba tinkati n'kwa anthu opanda mphatso.

Tsiku lina achemwali anga anandipeza ndikusita malaya. Anati, "Iwe, ndikukwatiwa. Ndikufuna kudzalowa m'holo ndi nyimbo yanu ija, osati kaseti. Akuchimuna ndawauza kale kuti mlongo wanga ali ndi bandi. Tsiku ndakuuza. Walemba?"

Ine ndinagogoda pachipumi katatu. "Zili muno, achemwali."

Loweruka lake m'mawa tinakumana m'garaja. Wang'oma akupinda mawaya anati, "Akuluakulu, tifulumire, ukwati wa mwana wa abusa sudikira."

Wagitala anati, "Abusa ati? Lero ndi ukwati wa abwana anga a kuntchito. Ndinavomera mwezi watha. Ndikapanda kuoneka, Lolemba ndikapeza mpando wanga uli panja."

Ine ndinati, "Lero ndi achemwali."

Kenako anatulukira Nyenyezi, mochedwa monga mwa nthawi zonse, akupesa tsitsi. Atamva nkhani yonse anati, "Mukuvutikiranji? Ndiyimba konseko."

Apa, olemekezeka, anthu wamba akadathamanga kukapepesa maukwati awiri n'kukayimba bwino pa umodzi. Ife tinali aluso. Tinagawana bandi. Ng'oma zinapita kwa abusa, gitala inapita kwa abwana, sipika tinachitira maere n'kugwera ine. Nyenyezi anabwereka njinga, ndipo tsiku lonse analithera mumsewu. Paliponse ankafika mwambo utatha, anthu akusanja mipando, n'kupereka moni kwa osesa.

Kwa inu makolo amene simudziwa, besi ili ngati maziko a nyumba. Ndi yofunika kwambiri, koma palibe anaitanapo alendo kuti adzagone pa maziko. Chitseko cha holo chinatseguka. Analowa mkwatibwi m'diresi loyera mbee, alamu anga m'suti yowathina m'khwapa, anthu mazana awiri ataimirira. Ndiye ine, ndekhandekha papulatifomu: dum. Dum dum. Dum.

Azakhali a mkwati, mayi amene sadziwa kunong'ona, anafunsa kuti, "Kodi ayamba, kapena akukonza?"

Wina anayankha, "Adikira magetsi."

Achemwali anayenda holo yonse ija pang'onopang'ono. Sanayang'ane amuna awo, sanayang'ane maluwa, anangoyang'ana ine. Atafika pafupi anakweza chala n'kugogoda pachipumi pawo katatu.

Chiyambire tsiku limenelo sananditchulirepo za ukwatiwo, ngakhale kamodzi. Bola akadandikalipira, zikadatha chaka chomwecho. M'malo mwake, chaka chilichonse chikamayamba amanditumizira dayale yatsopano yolembamo masiku, yopanda kalata, yopanda moni. Ndili nawo makumi atatu kunyumba. Akazi anga amaikapo wayilesi.

Ophunzira inu, sekani, koma mumve. Bandi yathu sinafe chifukwa chosowa nyimbo. Inafa chifukwa chosowa pensulo. Munthu akakuitanani kuti mukayimbe, sakugula mawu anu okha. Akukupatsani tsiku lake limene silidzabweranso, ndipo wadzitama kale kwa apongozi ake kuti mubwera. Sankhani mmodzi woyankhula m'malo mwa onse, ndipo asakhale amene ali ndi tsitsi lofuna ola lathunthu. Mukavomera, lembani. Mukalemba, werengani zomwe mwalemba. Mukapeka nyimbo muli anayi, lembani mayina anayi tsiku lomwelo, mukadakondana. Ndipo phunzirani mawu ovuta kuposa nyimbo iliyonse: "Pepani, tsiku limenelo tili kwina." Aphunzitsi anu akuuzani zambiri ndi mawu akuluakulu, koma zonsezo zikubwerera kwa munthu amene waima pachitseko m'diresi loyera, akudikira kuti muyambe.

Apampando akuyang'ana wotchi, choncho ndibwerere kwa mayi mkulu wa sukulu ino. Ena mwaona kale kufanana kwa mphuno. Inde, ndi achemwali anga aja. Anthu ena akalakwiridwa amasunga mkwiyo. Awa anamanga sukulu.

Achemwali, dayale ya chaka chino nayi. Tsamba la lero lalembedwa, ndi inki, ndipo palembedwa chinthu chimodzi chokha. Kuseri kwa katani iyo kuli wang'oma, tsopano ali ndi zidzukulu zisanu. Kuli wagitala, amene anachotsedwabe ntchito Lolemba lija. Nyenyezi tinamuuza kuti mwambo uyamba sikisi koloko m'mawa, ndipo ndauzidwa kuti wangofika kumene. Onse anasaina pepala. Besi yanga ili pomwepo.

Tachedwa ndi zaka makumi atatu, ndipo mukakana ndimvetsa, ndidzalandira dayale ina. Koma ngati mungalole, pitani kuchitseko uko mulowenso.

Achemwali aimirira. Alamu, agwireni dzanja, musathamange, mukudziwa za bondo lanu lija.

Pamene akupita kuchitseko, ine mwa ulemu umene mwandipatsa ndikulengeza kuti sukulu ino, ndi maphunziro ake onse, yatsegulidwa lero. Ophunzira, lembani tsikuli. Wang'oma, werenga mpaka folo.

Zikomo kwambiri.